Kalata Yomwe Inatulukira Kuseri kwa Khoma

Ofesi yathu ku Lifuwu inali nyumba imodzi yogawidwa pakati ndi khoma la njerwa. Kale inali mosungira matumba, ndipo amene anaigawa sanaganize zosiya khomo pakati. Chitseko chathu, ife a gulu la alimi a mpunga, chinayang'ana ku sikimu, minda yathu yothirira. Cha anzathu a gulu la ogulitsa nsomba chinayang'ana kumsewu wa kudoko. Tebulo langa ndi tebulo la mlembi wawo zinatsamira khoma lomwelo, moti akatsokomola ndinkamva. Koma kuti ndikafike pamene anakhala ndinkayenera kutuluka, kuzungulira nyumba yonse, kudutsa pa mathandala a usipa ndi kulumpha kangalande ka madzi a pampopi.

Ine ndinali mlembi wa alimi, ndipo ntchito yanga yaikulu inali ndandanda wa madzi. Sikimu inagawidwa m'mabuloku, ndipo madzi sangakwanire mabuloku onse tsiku limodzi. Lolemba lililonse m'mawa ndinkamata pepala pa geti lililonse la ngalande, losonyeza buloku yotsegula madzi tsiku lakutilakuti ndi maola ake. Mageti anali asanu ndi limodzi. Munthu wa kutauni angaseke kuti imeneyi ndi ntchito yanji, koma pepala limenelo likalakwika anthu amagwirana makasu. Ntchito yomweyo ndi imene inkadyetsa ana anga atatu.

Chaka china bungwe lothandiza alimi linatipatsa makompyuta awiri ndi rauta, kabokosi kothwanima timagetsi kamene kamalumikiza makompyuta a mu ofesi imodzi kuti azimvana. Pulinta anaiwala, kapena anaganiza kuti alimi aziwerenga ndandanda posuzumira pawindo langa. Chaka chomwecho bungwe lina, lothandiza asodzi, linapatsa anzathu a kuseri makompyuta awo, rauta yawo ndi pulinta yatsopano. Aliyense ndi netiweki yake, aliyense ndi mawu ake achinsinsi. Kompyuta yanga sinkadziwa n'komwe kuti kuseri kwa njerwa kuli pulinta.

Mlembi wa kuseriko anali mayi wachisilamu, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri ndithu, wosalankhulalankhula. Ine ndinkawatchula kuti amayi, iwo ankanditchula kuti alembi. Pulinta ankaifunditsa chitenje cha buluu akamaweruka. Pepala sankataya. Lililonse lotuluka molakwika ankalitembenuza n'kulemba kuseri, ndipo ankatha kudula kampata kopanda zolemba n'kusunga m'kabati. Anthu ankawaseka kuti ngakhale tikiti ya minibasi amailemba kuseri.

Poyamba zinthu zinkayenda bwino. Ndinkalemba ndandanda pakompyuta, kuuika pa fulashi, kachipangizo konyamulira zolemba za pakompyuta, kuzungulira nyumba, kuodira pakhomo pawo. Iwo ankavundukula pulinta, kubaya fulashi yanga, mapepala asanu ndi limodzi n'kutuluka ofunda, ofanana ndendende. Ndinkathokoza ndikuyenda kale, monga tithokozera munthu wotipatsa chinthu chimene tikuganiza kuti n'chathu.

Amene anawononga zonse ndi ine. Loweruka lina ndinapita ku Senga Bay kukagula nsapato za mwana, ndipo ndinalowa m'kashopu ka anthu oika nyimbo m'mafoni. Ndinawapatsa fulashi ya ntchito kuti andiikiremo nyimbo za kwaya. Lolemba m'mawa ndinaipereka kwa amayi aja ngati masiku onse. Ataibaya, kompyuta yawo inayamba kuchita zachilendo. Mayina a mamembala awo, manambala a mabwato, makalata a chaka chathunthu, zonse zinasanduka tizithunzi tosatseguka. Fulashi inali itatenga kachilombo ka makompyuta kukashopu kuja.

"Alembi, fulashi iyi yayenda kuti?"

"Palibe, amayi. M'thumba mwangamu basi."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana pakompyuta pamene mayina a nyimbo za kwaya anandandalika poyera. Anazula fulashi n'kuiika pakona pa tebulo.

"Isadzalowenso muno."

Ine ndine munthu wa mtima wapachala, ndipo manyazi akandigwira amatulukira pakamwa ngati mkwiyo. M'malo mopepesa ndinati, "Kodi pulintayi munagula ndi inu? Zopatsidwa zomwezi mpaka kuchita nazo matama?" Amayi aja anatenga chitenje n'kufunditsa pulinta, nthawi ili naini koloko m'mawa. Ndinatuluka ndikudzimva kuti ndawina, koma ndisanalumphe kangalande kaja ndinali nditadziwa kale kuti ndataya bomwetamweta.

Kwa milungu ingapo ndinkamva kudzera pakhoma iwo akulembanso mayina amodzimodzi, akuitana asodzi kuti abwere ndi ziphaso zawo, akufunsa manambala a mabwato. Sanandinene kwa wina aliyense ine ndikumva. Tikakumana pampopi tinkapatsana moni wouma, wongoti anthu asadabwe. Kunyumba mkazi wanga ankandifunsa, "Bambo a ana, kodi kupepesa kumathothola dzino?" Ndinkamuuza kuti za ku ofesi sazidziwa.

Ndinabwerera ku bolopeni ndi kaboni. Kaboni imadutsa mapepala atatu okha, lachitatulo lili loziya, choncho ndandanda ndinkaulemba kawiri, nthawi zina katatu. Zokasindikiza ku Salima ndinayesa. Koma woyendetsa pampu ankandiuza maola enieni Lolemba m'mawa, ndipo kukwera kabaza, kudikira minibasi idzaze, kupita ndi kubwerera, ndinkafika dzuwa litapendeka, alimi atatopa kudikira pamageti. Ndinapitiriza kulemba pamanja, mothamanga, anthu ataima pakhomo.

M'nyengo yowokera ndinalakwitsa. Pa mageti atatu ndinalemba kuti Lachitatu madzi ndi a buloku folo, pa ena atatu ndinalemba kuti ndi a buloku seveni. Buloku folo ili kumtunda, choncho inamwa madzi onse. Anthu anatukwanana pageti, wina anang'ambidwa malaya. Zimenezo sizinandipweteke kwambiri. Chinandipweteka ndi mayi wina wamasiye wa kumathero kwa ngalande, ku buloku seveni, amene anali atangowokera dzana lake. Patapita masiku anabwera ku ofesi, sanakalipe, sanakhale pansi. Anaika mbande zouma zodzaza dzanja patebulo panga, pamwamba pa kaboni, n'kutuluka.

Apampando a komiti anandiitanira pambali. Ndi bambo ofatsa, ndipo munthu wofatsa akakuchenjeza umadziwa kuti zafika pena.

"Alembi, takhala nanu bwino. Koma zikachitikanso, sindidzatha kukutetezani."

Lachisanu la sabata yomweyo kunabwera mayi wina wa ku Salima atabereka chikwama kumsana, m'manja atanyamula chiboolero cha magetsi. Anati ndi wokonza makompyuta, ndipo wauzidwa kuti kuno kulibe pulinta. Ine ndinangoganiza kuti komiti yandimvera chisoni, sindinafunse zambiri. Ndinadabwa kuona kuti pulinta yatsopano sanabwere nayo, m'malo mwake akugogoda khoma ndi chala.

"Pulinta ilipo kale, ili kuseriku," anatero. "Vuto ndi loti netiweki yanu ndi mpanda wanu, yawo ndi mpanda wawo. Ine sindigwetsa mpanda. Ndidutsitsa waya kuchoka pa rauta yanu kukafika pa rauta yawo, kenako nditsegula kakhomo kamodzi kopita ku pulinta yokha. Inu simudzaona za m'makompyuta awo, iwo sadzaona zanu. Ngakhale kachilombo sikadzadutsa."

Ponena za kachilombo anandiyang'ana cham'mbali, ndipo ndinadziwa kuti mbiri yanga inandifikira ku Salima ine ndisanafike.

"Nanga eni ake avomera?" ndinafunsa.

"Zimenezo zisiyeni. Sunthani tebulo."

Anaboola khoma m'munsi, pafupi ndi mwendo wa tebulo. Fumbi lofiira litatsika ndinawerama n'kusuzumira, ndipo ndinaona kuwala kwa ofesi ina ndi kansonga ka chitenje cha buluu. Anadutsitsa waya, anakhala pakompyuta yanga n'kuiuza nambala ya pulinta, chifukwa pulinta nayo ili ndi nambala yake ngati nyumba ya m'tauni. Nambalayo anailemba pakapepala n'kumata pakhoma. Kenako anazungulira nyumba kuti akatsegule kakhomo kaja pa rauta ya anzathu. Asanamalize magetsi anathima. Anadikira mpaka madzulo, magetsi osabwera, ndipo anati abweranso Lachitatu chifukwa masiku enawo ali ndi ntchito kwina.

Lolemba magetsi analipo. Dzina la pulinta linkaoneka pakompyuta yanga, ndiye ndinati ndiyese mwayi. Ndinadina batani losindikiza n'kutchera khutu kukhoma. Zii. Ndinadinanso. Ndinadinanso, ndikuwonjezera mphamvu ngati vuto ndi chala changa. Sindikudziwa kuti ndinadina kangati, koma pomaliza ndinatukwana waya, khoma ndi amene anapanga makompyuta, n'kutenga kaboni wanga. Mtima uli m'mwamba choncho, ndinalakwitsanso maola a buloku ina. Mlonda wa pageti anaona msanga madzi asanatsegulidwe, palibe mbande inauma, koma nkhani inafika kwa apampando. Lachiwiri masana anaima pakhomo osalowa.

"Mawa masana komiti ikumana. Tikambirana za inu."

Ndinaona kuti kusiyana n'kundichotsa pamaso pa anthu, bola ndichoke ndekha. Ndinakhala pakompyuta n'kulemba kalata yosiya ntchito. Ikanakhala ya mizere itatu zikanakhala bwino. Koma mkwiyo unandigwira dzanja, ndipo ndinalembamo kuti zonsezi zachitika chifukwa cha kuuma mtima kwa amayi a kuseri kwa khoma, amene amakonda makina kuposa anthu, amene angaone mpunga wa mayi wamasiye ukuuma iwo atafunditsa pulinta chitenje. Nditamaliza ndinadina batani lija kamodzi, osayembekezera kanthu, monga munthu amenyera theche chitseko chokana kutseguka. Ndinati mawa ndiikopera pamanja.

Safunsa anadya phula. Sindinkadziwa kuti kompyuta siiwala zimene wadina. Imaziika pamzere, ngati matumba a kuchigayo magetsi akathima, kudikira kuti njira itseguke.

Lachitatu m'mawa wokonza uja anabwera n'kuyambira kuseri. Ine ndinali nditangoyamba kukopera kalata yanga pamene ndinamva pulinta ikudzuka kuseri kwa khoma. Inakoka pepala, inalavula, inakoka lina. Sinaleke. Wokonzayo anatulukira pakhomo panga akuseka.

"Zatheka, bambo! Koma munadina kangati?"

Anatsegula kawindo kena pakompyuta yanga, ndipo ndinaona mzere wonse: ndandanda, ndandanda, ndandanda, ukuchepa umodzi umodzi kuchokera pamwamba. Pansi penipeni panali kalata yosiya ntchito.

"Imitsani!" ndinakuwa. "Chonde imitsani!"

Dzanja lake lisanafike pa mausi, dzina la kalata linazimiririka. Kuseri pulinta inakoka pepala lomaliza n'kukhala chete. Ndinakhala pampando. Ndinkadziwa kuti amayi aja satenga pepala osaliwerenga. Sindinamve kutsokomola, sindinamve mpando kusuntha, kwa nthawi imene kwa ine inali yaitali kwambiri. Kenako ndinamva chitseko chawo, ndi masilipasi akuzungulira nyumba.

Kanali koyamba kulowa mu ofesi yanga chikanganirane. Anaika mulu wa mapepala patebulo n'kuusalaza ndi dzanja.

"Alembi, mageti anu ndi sikisi. Apa pali mapepala khumi ndi anayi. Pulinta si yogontha, mukadina kamodzi yamva."

Iwo anapitiriza, mawu ali chimodzimodzi, "Ku msonkhano wa masanawu mupite nawo amenewa. Anthu akaone okha." Atatuluka ndinafufuza mulu wonse kawiri. Munali ndandanda yekhayekha, kalata munalibe.

Wokonza makompyuta anali akulonga zida zake, ndipo ndinamufunsa ngati ndikathokoze apampando kapena komiti yonse. Anaseka mpaka kugwira khoma.

"Komiti yanu sindikuidziwa n'komwe. Ine ndinabwera koyamba kudzachotsa kachilombo m'makompyuta a amayiwa. Ndi iwo anandifunsa ngati pali njira yoti muzisindikiza popanda fulashi. Anakapempha okha kwa akuluakulu awo kuti khoma libooledwe. Anati ndisakuuzeni, koma ine pakamwa panga sipasunga."

Masana ndinapita ku msonkhano ndi mapepala aja, kalata yokopera theka nditaing'amba. Apampando anawayendetsa m'manja mwa anthu. Alimi ankayerekeza pepala ndi linzake, kufunafuna posiyana, osapapeza. Ena ankafunabe kuti ndichoke, ndipo sindikuwada, anali ndi zifukwa. Amene anathetsa nkhani ndi mayi wamasiye uja, amene anaima kumbuyo n'kunena kuti, "Ngati mapepala azituluka ofanana chonchi, asiyeni ayese nyengo ino." Ndinayesa nyengo imeneyo, ndipo ndinakhala pa ntchitoyo zaka zina zisanu ndi ziwiri. Ana anga onse anamaliza sekondale ine ndili pa tebulo lomwelo.

Kuyambira pamenepo tinapanga kachitidwe kathu. Ndikadina, ndinkagogoda khoma kawiri, iwo n'kundipatsira mapepala pawindo la kumbuyo limene linayandikana ndi langa. Akagogoda katatu ndiye kuti aona cholakwika, ndizungulire ndikaone. Anthu ankati alimi ali ndi alembi awiri, ndipo sankanama, chifukwa mayi wa nsomba uja anafika podziwa mabuloku athu kuposa ena a mu komiti. Lachisanu ndinkaonetsetsa kuti ndasindikiza zonse m'mawa, asanatseke kupita ku swala kumzikiti. Wayayo anagwira ntchito yake monga ananenera wokonza uja: za m'makompyuta awo sindinazionepo, ndipo kachilombo sikanadutsenso.

Chimodzi chokha sindinachite. Za kalata ija sindinatchule, ndipo iwonso sanatchule. Ndinkapepesa ndi manja, pakamwa pali gwa. Ndikakolola ndinkawatengera mpunga wa kilombero, mapepala akatha ndinkathamanga ine kukatenga, chitseko chawo chitagwa ndinakonza ndine. Iwo ankalandira n'kunena kuti, "Alhamdulillah, zikomo alembi," basi. Nthawi zina ndinkadzinamiza kuti mwina kalatayo sinatuluke, mwina mapepala anathera pa ndandanda wa khumi ndi chinayi. Munthu ukafuna mtendere wotchipa umakhulupirira zilizonse.

Maso awo atayamba kuvuta anaganiza zopuma, kuti akakhale ndi mwana wawo wamkazi ku Chinguluwe. Tsiku lomaliza, cha m'ma teni koloko, ndinamva kugogoda katatu. Ndinazungulira ndikuganiza kuti ndalakwitsa maola. Ndinawapeza atapinda chitenje cha buluu n'kuchiika pamwamba pa pulinta, kusiyira wodzalowa m'malo mwawo. Anatsegula kabati n'kutulutsa envelopu yakale.

"Iyi ndi yanu. Inatsalira tsiku lija."

Sindinafunikire kuitsegula. Ndinapezeka nditanjuta pambali pa tebulo lawo, bambo wa imvi zanga.

"Amayi, pepani. Fulashi ija ndinanama. Mawu aja ndinalakwa. Za m'kalatamu ndiye sindikudziwa kuti ndiyambire pati."

"Dzukani, alembi, asodzi angakuoneni," anatero. "Kalatayo inandipweteka, sindinama. Ndinalira pampando pomwepa. Koma ndinaona kuti ikafika kwa apampando, ana anu agona ndi njala chifukwa cha mkwiyo wa tsiku limodzi. Ndiye ndinati ikhale kaye m'kabati mpaka mwini wake azizire."

"Nanga khoma munalibooleranji, ine nditakunyozani chotero?"

"Amene anandilakwira ndi inu. Mbande za mayi wamasiye uja zinandilakwira chiyani? Ndinamuona akudutsa pa mathandala atazinyamula m'manja." Anaseka pang'ono n'kukonza mpango. "Ine ndinakhululuka tsiku limene tinaboola khoma. Inu ndi amene mwachedwa kuzungulira."

Ndinawanyamulira chikwama mpaka pamsewu, ndinaima mpaka kabaza anakhota. Nditabwerera pa tebulo langa ndinatsegula envelopu. Mawu anga onse analipo, akuda bii ngati atuluka dzulo, ndipo ndinawawerenga mpaka kumapeto chifukwa ndinayenera kutero. Kenako, mwa chizolowezi cha zaka zonse zolandira mapepala ochokera m'manja mwawo, ndinatembenuza pepalalo kuti ndione zimene analemba kuseri. Mayi amene sankasiya ngakhale kampata ka pepala, pepala ili analisunga zaka zisanu ndi ziwiri osalembapo kanthu, kuopa kuti lingayende m'manja mwa anthu wina n'kuwerenga manyazi anga.